Thukuta la anthu 15, phazi la munthu mmodzi

Mu Lilongwe wokonda rugby amakhala wopempha. Loweruka madzulo ukalowa malo omwera a ku Old Town kapena ku Bwandilo, umapeza kanema ali ndi eni ake kale, a Arsenal uku, a Manchester United uko. Wofuna mpira wosongoka uja amachita kunyengerera mwini malo kuti amuyatsire kakanema ka pakona, mawu atatsitsa. Zinthu zimasinthako ukalowera ku Area 3, ku City Centre ndi m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43. Kumeneko kuli mabanja ochokera ku South Africa, Zimbabwe ndi Britain, ogwira ntchito ku maofesi a akazembe, komanso Amalawi amene anaphunzira m'sukulu zosewera rugby kapena anakhalako ku Joni n'kubwerako ndi jezi yobiriwira ya Springboks. Anthu amenewa akakumana, mkangano wawo suchedwa kufika pamalo amodzi: kodi timuyi yasewera bwino, kapena yaomboledwa ndi womenya mapenate?

Funsoli linakula mu Okutobala 2023, pomwe South Africa inatenga chikho cha dziko lonse kachinayi ku France. M'ndime ya matimu asanu ndi atatu inagonjetsa eni bwalo 29-28. M'ndime yotsatira inagonjetsa England 16-15. M'ndime yomaliza, pa 28 Okutobala, inagonjetsa New Zealand 12-11. Masewero onse atatu ankayamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno, m'kutentha kuja kwa mwezi wa khumi, ndipo amene anapirira tulo anaona chinthu chosowa: timu kupambana katatu motsatizana, ulendo uliwonse ndi pointi imodzi yokha.

Kwa amene sanazolowere masewerawa, mawerengedwe ake ndi awa. Wosewera akagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndi try, mapointi asanu. Timu yake imapatsidwa mwayi womenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo iwiri ya golo, pamwamba pa mtanda, ndipo ukadutsa awonjezera mapointi awiri, amati conversion. Adani akalakwira lamulo, timu ingasankhe kumenya penate ya mapointi atatu. Palinso drop goal, yomenya mpira utangonjanja pansi masewero ali mkati, nayonso mapointi atatu. Mitengoyo imatalikirana mamita 5.6 ndipo mtanda uli mamita atatu kuchokera pansi. Palibe goloboyi. Mpira uli chete pa kapulasitiki kake, adani aima kutali, ndipo womenyayo ali ndi mphindi imodzi. Woonera mpira wamiyendo akamva zimenezi amaseka, amati ndiye chovuta n'chiyani.

Chovutacho chinaoneka usiku wa ndime yomaliza. South Africa sinagoletse try ngakhale imodzi. Mapointi ake onse 12 anachokera ku phazi la Handré Pollard, mapenate anayi, onse m'chigawo choyamba. New Zealand inasewera gawo lalikulu la masewerowo ndi anthu 14 kaputeni wake Sam Cane atapatsidwa kadi yofiira, komabe ndiyo inagoletsa try yokhayo ya usikuwo kudzera mwa Beauden Barrett. Richie Mo'unga anaphonya conversion yake, imene inali chakumbali. Kutatsala mphindi zochepa, Jordie Barrett anayesa penate yakutali, mpira n'kupita pambali. Umodzi mwa mipira iwiriyo ukanalowa, nkhani zonse zimene tinamva m'mawa mwake, za mtima wa Springboks, za utsogoleri wa Siya Kolisi, za nzeru za aphunzitsi Rassie Erasmus ndi Jacques Nienaber, zikanalembedwa mwina. Bwenzi tikuyamikira kulimba mtima kwa anthu 14.

Chodabwitsa n'chakuti Pollard sanali m'gulu limene linanyamuka kupita ku France. Anali atavulala katumba wa mwendo, ndipo nambala 10, malo a woyendetsa timu, inali m'manja mwa Manie Libbok. Pa 23 Sepitembala South Africa inakumana ndi Ireland ku Paris. Inakankha, inagunda, inafika pafupi ndi mzere kangapo, koma inagonja 13-8. Libbok anaphonya penate ndi conversion, Faf de Klerk anaphonya mapenate awiri akutali. Mapointi 11 anatsala pa udzu, m'masewero amene kusiyana kwake kunali mapointi asanu.

Masiku angapo izi zisanachitike, Malcolm Marx, wosewera pakati pa mzere wakutsogolo wa scrum (mkankhano wa osewera akutsogolo a matimu onse awiri), anali atavulala bondo pokonzekera masewero. Mwanzeru za aliyense, m'malo mwake mukanabwera munthu wa ntchito yomweyo. Aphunzitsi anaitana Pollard, amene anali atangosewerako mphindi pafupifupi 30 ku timu yake ya Leicester Tigers chivulalire. Kunali kutchova juga, ndipo juga yake inatsala pang'ono kuwadya: m'ndime yomaliza Bongi Mbonambi anavulala masewero atangoyamba, ndipo Deon Fourie, wa zaka 37, amene ankasewera malo ena, anagwira ntchitoyo pafupifupi masewero onse. Aphunzitsiwo anali atawerengera kuti kusowa womenya wodalirika n'koopsa kuposa kusowa munthu wapadera pamalo ovuta chotero. Pollard anamaliza mpikisanowo osaphonya ngakhale kamodzi.

Usiku wa England ndiwo umandikhalabe m'mutu, chifukwa unaonetsa poyera kuti mapointi a phazi amachokera kuti. Kunkagwa mvula. England inatsogola 15-6, mapointi onse a Owen Farrell, mapenate anayi ndi drop goal yakutali. Libbok anatulutsidwa patangotha theka la ola, zimene kwa nambala 10 ndi manyazi aakulu. Kenaka analowa Ox Nché ndi Vincent Koch, ndipo scrum ya England inayamba kubwerera m'mbuyo. RG Snyman anagoletsa try, Pollard n'kuwonjezera awiri. Kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu, scrum ina inagwa pafupi ndi pakati pa bwalo, woyimbira n'kuloza penate. Pollard anamenya kuchokera pa mtunda wa pafupifupi mamita 50. Zithunzi zimene zinazungulira pa WhatsApp zinali zake. Koma penateyo inakumbidwa ndi makosi ndi misana ya anthu asanu ndi atatu. Iye anangofika kudzakolola. Komanso pakanapanda iye, thukuta lonse lija likanathera m'matope a Stade de France.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda mawu akuti fomu. Timu ikapambana masewero anayi motsatizana timati ili pa fomu, ikagonja atatu timati yatha, mphunzitsi achoke. Koma mu rugby ya akatswiri olipidwa, matimu apamwamba amasiyana pang'ono kwambiri, moti zotsatira za mwezi wonse zingatembenuke chifukwa cha mipira itatu kapena inayi yodutsa kunja kwa mtengo ndi chikhatho chimodzi. Tebulo la ligi limaonetsa opambana ndi ogonja, silionetsa kuti amene agonjawo analamulira masewero. Akatswiri awiri a ku New Zealand, Ken Quarrie ndi Will Hopkins, anaunika masewero 582 a pakati pa mayiko kuyambira 2002 mpaka 2011. Anapeza kuti pa mipira 100 iliyonse yomenyedwa kulunjika pa golo, 72 ndiyo inkalowa, ndipo mapointi 45 pa 100 alionse ankachokera ku phazi. Tiyerekeze tsono timu imene ikupeza mwayi womenya kasanu ndi kawiri pa masewero. Womenya wolowetsa 85 pa 100 ndi wolowetsa 70 pa 100 amasiyana mpira umodzi basi pa tsikulo. Mpira umodziwo ndi mapointi awiri kapena atatu, ndipo tawona kale kuti chikho cha dziko lonse chimapita ndi pointi imodzi.

Koma nambala ya peresenti nayonso imanama. Womenya amene amangosankha mipira yapafupi, yoyang'anizana ndi golo, amaoneka wodalirika papepala. Mnzake amene kaputeni amamupatsa ya pamzere wa m'mbali ndi ya pakati pa bwalo amaoneka wophonya. Timu yothamanga, yogoletsera ma try ake m'makona, imapatsa womenya wake ntchito yovuta kuposa timu yokankha imene imagwera pansi pa mitengo. Ndiye kuti kasewero kokongola kamatsitsa peresenti ya womenya wake yemwe.

Nkhani ya Libbok ili pamenepa. M'malo oonera mpira a mu Lilongwe dzina lake linasanduka chitonzo, ngati kuti ndi munthu wamantha. Anthu anaiwala msanga kuti mu Juni 2022, Stormers ikusewera ndi Ulster ku Cape Town m'ndime ya matimu anayi ya United Rugby Championship, ndi iye amene anamenya conversion ya chakumbali nthawi itatha kale, timu yake n'kupambana 17-15, ndipo sabata yotsatira inatenga chikho. Anaiwalanso mpira uja anaumenyera Kurt-Lee Arendse maso akuyang'ana kwina pa masewero a Scotland ku Marseille, umene unabala try. Pa 21 Sepitembala 2024, ku Santiago del Estero, anaphonya penate kumapeto ndipo Argentina inapambana 29-28. Chipongwe cha pa intaneti chinali chosaneneka. Sabata yotsatira ku Mbombela, Erasmus anamuyambitsanso pa nambala 10, koma ntchito yomenya pa golo anaipereka kwa Jaden Hendrikse. South Africa inapambana 48-7 ndipo Libbok anasewera mochititsa kaso. Mphunzitsi anaona chimene ife oonera sitifuna kuona: kuyendetsa timu ndi luso lina, kumenya pa golo ndi luso linanso, ndipo palibe lamulo loti zonse zikhale mwa munthu mmodzi. France imapatsa ntchitoyi Thomas Ramos, amene nthawi zambiri amasewera kumbuyo kwenikweni pa nambala 15. Percy Montgomery, amene anamenya mapenate anayi pomwe South Africa inagonjetsa England 15-6 m'ndime yomaliza ya 2007, nayenso anali nambala 15.

Luso lenilenilo ndi lotopetsa kuliona likuphunziridwa. Womenya amaika mpira mopendekeka mofanana ulendo uliwonse, amabwerera m'mbuyo masitepe omwewo, amapatukira kumbali masitepe omwewo, amapuma mofanana. Phazi loponda pansi liyenera kutera pambali pa mpira pamalo amodzimodzi, mutu uli chozolika mpaka mpira utanyamuka. Wofulumira kudzutsa mutu kuti aone kumene mpira ukupita ndiye amaukokera kumbali. Jonny Wilkinson wa England, amene ankaphunzitsidwa ndi Dave Alred, ankadziwika ndi kupinda manja patsogolo ngati wopemphera, komanso kutsalira pa bwalo maola ambiri anzake atapita. Iye ndi wamanzere, koma drop goal imene inapatsa England chikho mu 2003 ku Sydney, 20-17, anaimenya ndi phazi lamanja. Zotere sizichitika mwangozi.

Chizolowezicho chili ndi kuipa kwake: mdani amachiloweza. Pa conversion, lamulo limalola adani kuthamangira womenya akangoyamba kusuntha. Cheslin Kolbe anasewerapo ndi Ramos ku Toulouse, ndipo ankadziwa kayendedwe kake. Pa masewero a France aja, Ramos atangosuntha, Kolbe anachoka pamzere ngati mphezi n'kuutchinga mpirawo ndi manja. Mapointi awiri anafera pomwepo, m'masewero othera 29-28. A ku France mpaka lero amati ananyamuka msanga.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za masiku ano, rugby yasanduka yowerengera. Mbiri ikukana. M'ndime yomaliza ya 1995 ku Ellis Park, tsiku limene Nelson Mandela anavala jezi ya kaputeni wa Springboks, Francois Pienaar, panalibe try ngakhale imodzi. Joel Stransky ndiye anathetsa mkangano ndi drop goal m'nthawi yowonjezera, 15-12. M'ndime yomaliza ya 2011 New Zealand inagonjetsa France 8-7 ndi penate ya Stephen Donald, nambala 10 wachinayi, amene anachita kuitanidwa ali kopha nsomba anzake awiri atavulala, ndipo analowa m'bwalo wachitatu atavulalanso. South Africa inadikira mpaka 2019 kuti igoletse try yake yoyamba m'ndime yomaliza, ya Makazole Mapimpi ku Yokohama, ndipo ngakhale tsiku limenelo mapointi 22 mwa 32 anali a Pollard. Oyendetsa masewerawa akhala akuyesa kuchepetsa mphamvu ya phazi: try inakwera kuchoka pa mapointi atatu kufika anayi mu 1971, kenaka asanu mu 1992, ndipo tsopano pali wotchi yowerengera womenya nthawi. Komabe matimu akafanana mphamvu, chitetezo chikalimba, mlandu umabwerera kwa munthu mmodzi ndi kapulasitiki kake.

Amalawi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa tili nazo mu mpira wamanja. Ma Queens angalande mpira kumbuyo, angaudutsitse pakati mwaukadaulo, koma ukafika m'bwalo logoletsera zonse zimatsamira pa dzanja la wogoletsa. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse cha 2015 ku Sydney, ndipo aliyense wotsatira masewerawo amadziwa kuti timu imasewera mosiyana ikadziwa kuti kutsogolo kuli munthu wosaphonya. Osewera pakati amaponya mpira molimba mtima. Mu rugby n'chimodzimodzi, ndipo mphamvu yake imafika mpaka kwa adani. Akadziwa kuti kulakwa kulikonse m'chigawo chawo ndi mapointi atatu, amaopa kulowetsa manja polimbirana mpira, amabwerera sitepe imodzi pamzere, ndipo mipata imatseguka. Akadziwa kuti womenya wanu akunjenjemera, amalakwa dala. Kaputeni wanu naye amayamba kukana mapenate, n'kumathamangitsira mpira kukona ngakhale pamene sipoyenera. Apa ndiye kuti kuphonya kwa munthu mmodzi kwalowa m'mitu ya anthu 15, ndipo chimene timachitcha kutsika kwa fomu chayamba.

Chitsanzo chapafupi ndi kwathu chili kwa anansi athu. Mu Julayi 2025 ku Kampala, timu ya Zimbabwe, ma Sables, inagonjetsa Namibia 30-28 m'ndime yomaliza ya Rugby Africa Cup n'kudzipezera malo ku chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Australia, koyamba chichokere 1991. Namibia inapeza penate yakutali kumapeto kwenikweni, ndipo inaphonya. Zaka zoposa 30 za kudikira zinathera pa mpira umodzi wodutsa kunja kwa mtengo. Kwa abale athu ambiri amene makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, imeneyi ndi timu ya kwawo. Dziko lomwelo ndi limene linabala Tendai Mtawarira, chimphona chobadwira ku Harare chimene chinaphwanya scrum ya England mu 2019 chitavala jezi ya Springboks.

Nanga ife? Ku Malawi kulibe rugby yolipidwa. Amene amasewera ndi ana asukulu, ophunzira a m'makoleji ndi anthu apantchito amene amakumana akaweruka. Bungwe la Bhubesi Pride Foundation lakhala likuphunzitsa ana a m'madera ozungulira Lilongwe masewerawa, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo ntchito yotere ndi imene ikuchotsa rugby m'mipanda ya mayadi kuipititsa kwa ana wamba. Koma taonani mtundu wa rugby imene mwana amayamba nayo. Ndi ya tag kapena touch, yongokhudzana popanda kugwetsana, ndipo mmenemo mulibe kumenya pa golo. Ndi nzeru yabwino: nthaka ya mu Seputembala ndi Okutobala kuno imauma gwa, ndipo palibe kholo lingalole mwana wake kugwetsedwa pamenepo. Akakula amalowa ya anthu asanu ndi awiri, imene imafuna osewera ochepa ndi ndalama zochepa, ndipo mmenemo conversion imamenyedwa monjanjitsa, mwachangu, popanda kuika mpira pansi. Mnyamata angasewere zaka zambiri, n'kukhala waliwiro ndi wamanja abwino, asanaimepo yekha kutsogolo kwa mitengo iwiri anzake onse akumuyang'ana.

Zimenezi zimandiwawa chifukwa phazi ndilo chuma chimene tili nacho kale. Mwana wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 amayamba kumenya chikulunga asanalowe Sitandade 1. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anathidzimula mpira kuchokera kutali kwambiri n'kumudutsa pamutu goloboyi wa Morocco, dziko lonse la Africa n'kuimirira. Masewero omwewo tinagonja 2-1 ndi mpira woima, firikiki ya Achraf Hakimi. Tikudziwa kumenya, ndipo tikudziwa kuwawa kwa kumenyedwa. Kukula kwa matupi a osewera kutsogolo a ku South Africa sitingakupeze lero kapena mawa. Kumafuna chakudya, majimu ndi zaka. Koma womenya wolowetsa mipira isanu ndi itatu pa khumi angachokere pa bwalo lililonse la fumbi mumzinda muno.

Ngakhale malo athu akutikondera. Lilongwe ili pa mtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Sitifika pa Johannesburg, imene ili pa mamita pafupifupi 1,750, kapena Pretoria, kumene Morné Steyn anagonjetsera British and Irish Lions 28-25 mu 2009 ndi penate yochokera m'chigawo chake chomwe. Komabe mpweya wa kuno ndi wopepukirapo kuposa wa ku Durban kapena Cape Town, ndipo mpira umauluka motalikirapo. Mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi, ndi akamvuluvulu a mu Ogasiti ndi Seputembala, ndi aphunzitsi aulere a kuwerenga mphepo, luso limene omenya a kunja amalivutikira.

Chosowa ndi mitengo. Mabwalo athu odziwika, la Bingu ku Area 48, la Civo ku Area 9, la Silver ku Area 47, ndi a mpira wamiyendo, ndipo mabwalo a sukulu za boma nawonso ali ndi magolo a mpira womwewo. Golo la mpira wamiyendo ndi lotambalala mamita 7.32 ndipo mtanda wake uli mamita 2.44 kuchokera pansi, kutanthauza kuti mwana wophunzirira pamenepo akuzolowera khomo lalikulu ndi lalifupi kuposa limene adzalipeze pa mpikisano. Kukonza kwake sikufuna nduna kapena wothandiza wakunja. Milongoti iwiri ya bulugamu yotalika bwino, yokumbiridwa motalikirana mamita 5.6, ndi wachitatu wopingasa pa mamita atatu, basi golo lakwana. Kapulasitiki koikapo mpira kakasowa, omenya akale ankaunjika mchenga kapena kukumba kadzenje ndi chidendene, ndipo mapointi ankalowa. Chodula kwenikweni ndi mpira weniweniwo, umene m'masitolo a ku Old Town ndi ku City Centre supezeka wamba ngati wamiyendo, ndiponso munthu wamkulu wololera kuima kuseri kwa golo ola lathunthu, kutola mipira ndi kulemba m'kope kuti mwa makumi awiri a lero yalowa ingati, kuchokera mbali iti.